Kamchira ka Tepi ya Enelesi

Matauni amene ndinadutsamo sindingawawerenge, ndipo mayina ake musandifunse, anathawa kalekale m'mutu muno. Onse anali ndi msika, kuseri kwa msika kuli bwalo la fumbi, pabwalopo pali chinthu chomwe kale chinkaseketsa ana koma tsopano chikudyedwa ndi dzimbiri. Ine ndinkafika ndi thumba langa la masipanala, n'kuima, n'kumachiyang'ana. Ntchito yanga inali imeneyo, kudzutsa zidole zakufa.

Ndinaiphunzira kwa a Malikebu, pa chionetsero choyendayenda chomwe chinkanyamulidwa pa malole atatu. Panali akatungwe a unyolo, panali mahatchi amatabwa ozungulira, koma chomwe anthu ankachifera chinali Sitima ya Mumdima. Inali shedi yaitali ya malata, m'kati muli kanjanji kokhotakhota. Munthu unkakhala m'kangolo, tcheni n'kukukokera m'kati, ndiye zinthu n'kuyamba kukuonekera. Ng'ona inkayasama pafupi ndi bondo lako. Mvula inkagwa kuchokera m'paipi yoboolaboola, mphezi n'kung'anima. Mkango unkabangula mpaka azibambo andevu kuitana amayi awo. Zonsezo anali mawaya, malamba, timamota ndi masaka opaka penti, koma anthu ankatuluka miyendo ili njenjenje n'kukaimanso pamzere.

A Malikebu anali munthu wouma pakamwa, koma lamulo lawo limodzi ankalibwereza ngati pemphero. Chidole chikafa anthu ali pamzere, usataye nthawi n'kuchilira. Kwera, upotokole babu yowalira pamenepo, basi. Ngolo idutsa mumdima, ndipo munthu sadandaula chinthu chomwe sanachione. Ankati udzakonza mawa. Mawa lakelo kawirikawiri silinkafika, ndipo chaka ndi chaka sitima yathu inkanka nida.

Pachionetsero pomwepo ndi pamene ndinapeza Enelesi. Iye ndiye ankasokera zidole zovala, uku akuzinyoza, ati mkango wathu ukufanana ndi galu amene wangovuulidwa m'chitsime. Mawu ake anali okhuthala pang'ono, ngati a munthu wongodzuka kumene. Tinakwatirana, tinabereka mwana wamkazi, Tinyade, amene anaphunzira kukwawa pansi pa malole.

Tsiku lina bambo wina anatulutsa dzanja kuti asisite ng'ona, lamba n'kumutafuna chala. Mwini chionetsero anati pakhale wochenjeza anthu asanalowe mumdima weniweni. Ndinaumba mayi wosenza mtsuko, wa mawaya ndi masaka, n'kumuimika pa khona loyamba. Enelesi anamuveka chitenje chake chomwe, chobiriwira cha nsomba zoyera. M'mimba mwa mayiyo ndinaikamo makina a kaseti, kuti ngolo ikaponda swichi azitembenuza mutu n'kuyankhula.

Tinajambula masana ena kuseri kwa lole, mwana ali mtulo pamphasa. Mawu ake anali ochepa: "Takulandirani. Khalani pansi, manja m'kati. Musaope, zonse muone ndi zoseweretsa." Koma tinabwereza kasanu ndi kawiri, chifukwa Enelesi akangofika pa "musaope" ankaphulika nako kuseka. Zitatheka, ndinadula tepiyo n'kulumikiza nsonga zake kuti izizungulira ngati mkanda. Kumapeto kunatsala kamchira kotalika ngati mkono, zimene makina anatola ndisanawazimitse. Ndinati ndidula mawa. Sikankasokoneza munthu, pakuti pofika pamenepo ngolo inkakhala itadutsa kale, ng'ona yayamba phokoso lake. Komanso malo anga anali kunja, ku injini ya magetsi. Zomwe zinali pa kamchirako ndinaziiwala mwezi usanathe.

Enelesi anadwala masiku anayi okha. Za zimenezo sindinena zambiri, zimandiwawabe. Tinakamuika kwawo, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka anandisudzula monga mwa mwambo, mkamwini aone msana wa njira, mwana atsale kwa eni mbumba. Alamu anga, mkulu wake wa Enelesi, anali mayi wachifundo. Anati ngati ndikufuna ndimange kanyumba chapafupi ndizimuona mwanayo akukula, palibe angandithamangitse. Koma ine mutu unali kwina. Ndinali nditazindikira kuti mawu a mkazi wanga ayamba kundizimirira. Ndikawafuna m'mutu ankabwera a munthu wina. Ndiye ndinawauza alamuwo kuti ndikukatenga mawu a mayi ake a Tinyade, kuti mwanayu akadzakula adzadziwe mmene mayi ake ankayankhulira. Ndinati ndibwera mvula isanagwe.

Nditafika pabwalo pomwe ndinasiya chionetsero ndinapeza pali pululu, pangotsala maenje a zikhomo. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandiuza kuti mwini wake anatopa nacho, anachigulitsa chidutswachidutswa, uyu ichi, uyo icho. A Malikebu anakwera lole yomaliza, koma komwe inaloza iye sankadziwa.

Ndinayamba kuyenda.

Ng'ona ndinaipeza m'tauni ina yotentha, ya thonje, momwe ngakhale agalu ankayenda ndi ulusi kumphuno. Inali pabwalo la nyumba yogona alendo, kukamwa kuli yasa, nkhuku ikuikira mazira palilime. Mwini nyumbayo anati poyamba ana ankadzaza pamenepo, koma chiumireni nsagwada palibe ankaicheukira. Ndinachotsa mazira, ndinasintha lamba, ndinapaka girisi. Itangoti khapu, ana anabalalika akukuwa, kenaka n'kubwerera onse. Pamenepo ndinafunsa funso lomwe ndinadzalifunsa kambirimbiri pambuyo pake: kodi simunaoneko mayi wa masaka wosenza mtsuko, wovala chitenje chobiriwira? Anati anaona chinthu chonga chimenecho chitaimirira pa lole yopita kumapiri. Mvula inagwa ndili panjira ya kumapiriko. Patapita zaka ndinadutsanso m'tauni ya thonje ija, ndipo ng'ona inali yasa, nkhuku ina ili palilime. Zinthu zomwe ndinkakonza zinkangodikira kuti ndikhote pakona kuti zifenso.

Kumapiri sindinapeze mayi wa mtsuko. Ndinakonza akatungwe, ndinakonza kandege kokwera ana pakhomo la sitolo, ndinatsika, ndinakweranso. M'tauni ina ya nkhungu, zaka zitapitapo ndithu, wophika wa pa hotela anandilowetsa m'chipinda chosungiramo katundu n'kuvundukula masaka. Unali mkango wathu, manyenje atadyedwa ndi makoswe. Ndinasangalala ngati ndaona mbale wanga. Mwaphuma ndinalumikiza mawaya, ndipo unabangula, kubangula kwenikweni, mpaka wophika uja kugwetsa mbale. Kachiwiri kunali zii. Nditatsegula pamimba ndinapeza fumbi lofiirira litaunjikana pa makina, tepi ya kubangula kwake yayera mbee, yoonekera kuseri ngati pepala la shuga.

Ndi mmene ndinadziwira. Tepi ikagona zaka pansi pa malata, utoto umene umasunga mawu umafumbutuka. Ikadutsa pa makina, utotowo umasupuka wonse. Imayankhula kamodzi kokha. Ndinakhala pansi m'chipindamo. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kupemphera pemphero lomwe mmisiri sapemphera, lakuti mayi wa mtsuko akhale atawonongeka, ndipo pasapezeke wanzeru wina womukonza.

Kawiri konse njira inandidutsitsa kufupi ndi kwawo kwa Enelesi. Ulendo woyamba ndinatsika basi, ndinayenda mpaka pamjigo. Panali atsikana a yunifolomu akutunga madzi, ndipo mmodzi ankayenda moponya phazi lakumanzere kunja, ndendende mayi ake. Ndinabisala kuseri kwa mtengo wa mango ngati mbava. Ndikanafika bwanji chimanjamanja, munthu ndinanena kuti ndikukatenga mawu? Ndinadziuza kuti chaka chamawa ndibwera nawo. Ulendo wachiwiri sindinatsike n'komwe. Basi itayandikira pamphambano ndinatembenukira kuzenera linalo. Ndinachita zomwe anandiphunzitsa a Malikebu, kupotokola babu n'kudutsa mumdima. Pa zoipa zonse zomwe ndinachita pa moyo wanga, chachikulu n'chimenechi, ndipo ndinkadziwa ndikuchichita.

Mumzinda waukulu ndinakhalitsa. Kunali malo osewerera a magetsi ambirimbiri, ndipo anandilemba ntchito. Anali ndi phiri lophulika moto lomwe linaleka kuphulika. Anali ndi mathithi omwe pampu yake inafa, ndiye anangopaka penti yoyera pamiyala kuti izioneka ngati madzi. Anali ndi chimbalame chachitsulo chomwe kale chinkakupiza mapiko pamwamba pa anthu, koma anachiwotcherera kudenga kuopa kuti chingagwere wina. Lamulo la a Malikebu linali litafika kumeneko ine ndisanafike. Makolo ankatuluka m'ngolo akulumbira kuti kale muno munali utsi ndi moto, ana awo n'kumawayang'ana ngati onama. Ndikati ndikonze, akuluakulu ankati zisiye, anthu akulowabe. Ndiye ndinkangopaka girisi, n'kumafunsa dalaivala aliyense wa lole funso langa lija. Imvi zinandimerera kumeneko.

A Malikebu ndinawapeza mwangozi, atakhala pabenchi pa depoti ya basi, maso atachita ng'ala. Anandizindikira ndi kulira kwa masipanala m'thumba. Nditafunsa funso langa anati shedi ndi njanji zinagulidwa ndi fakitale ina kumapeto kwa njanji ya sitima, kuti ana a antchito azisewera. Iwo ndi amene anakazimanga.

"Mayi ujatu khosi linauma sabata yoyamba," anatero. "Ndinapotokola babu ndine, ndi waya wake ndinazula. Ndinati ndikonza mawa. Undikhululukire, mwana wanga."

Ndinagwada pa simenti ya pa depotipo n'kuwagwira mwendo. Anthu ankayesa ndapenga. Ulesi wa mkulu uja ndi umene unandisungira mkazi wanga.

Tauni ya kumapeto kwa njanji inali itafa pamodzi ndi fakitale yake. Chumuni chinali chiimire, chopanda utsi. Shedi ndinaipeza pakati pa tsekera wotalika kuposa munthu, mbuzi zikusuzumira pakhomo. Mlonda wa pamalopo anati ndilowe, palibe chobedwa m'menemo. Dzuwa linkalowera m'mabowo a misomali. Ndinayenda pakanjanji masitepe khumi, ndipo pa khona loyamba anali ataima pomwepo, mtsuko pamutu, mavu atamanga m'kati mwake. Chitenje chinali chitadyedwa ndi chiswe mpaka m'maondo, koma nsomba ziwiri zitatu zinkaonekabe. Ndinamupatsa moni. Inde, ndinapereka moni kwa masaka, ndipo sindichita nazo manyazi.

Nditatsegula pamimba, mkanda wa tepi unali momwemo, wofiirira, wathunthu. Koma unali utamatirira pa timagudumu take, moti kuyesa kuuchotsa kukanakhala kuudula. Unayenera kuyankhulira pomwepo. Masiku atatu ndinamasula khosi, ndinabwezera waya, ndinapukuta makina ndi nthenga ya nkhuku, osakhudza swichi, ngakhale manja ankayabwa, pakuti mmisiri sachoka asanayese. Ndinamanga swichiyo ndi kansanza kuti ndisadzinyenge.

Vuto linali magetsi. Kuseri kwa shedi kunali injini yathu yakale ija, ndipo inadzuka, koma kachitsulo kosunga liwiro kanali katatha. Pankafunika munthu wogwira waya wa mafuta ndi chala, kumvetsera kulira kwa injini ndi kuyang'ana babu yoyesera. Ukakoka kwambiri, mota ipsa. Ukalekerera, tepi ikokeka n'kuduka. Ndinayesa kumuphunzitsa mlonda uja, anaphulitsa mababu awiri. Khutu lodziwa injini imeneyo linali langa lokha. Ndiye ndinaona mmene zinthu zakhalira: wina adzakhala m'kati kumva mawu, ine ndidzakhala kunja m'phokoso.

Ndinapita kukatenga mwana wanga.

Alamu anga ndinawapeza akusola chimanga pakhonde, atakalamba mpaka kuchepa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, osadabwa, osakwiya.

"Alamu, mvula ija yagwa kangati?"

Ndinafunsa za mwana wanga. Anandilozera kumsika wa pamsewu, ati Tinyade ali kumeneko, amasoka pakhonde la golosale.

Ndinamupeza ataweramira makina, mwana wakhanda ali kumbuyo. Nditanena kuti ndine ndani sanaimitse phazi. Anamaliza msoko wonse, anadula ulusi ndi mano, kenaka anandilozera mpando monga achitira ndi kasitomala. Ndinatchera khutu kuti mwina ndimva Enelesi m'kamwa mwake, koma ayi, mawu ake anali opyapyala, ofulumira, akeake. Anandifunsa ngati ndabwera nawo mawu aja, poti anakula akumva kuti bambo ake anapita kukatenga mawu, ndipo anzake kusukulu ankamuseka nazo. Ndinafotokoza zonse, za mkango, za tepi, za injini. Anati apita, koma ndisaganize kuti akupitira ine.

Tinafika pashedi dzuwa lili paliwombo. Mwana wake anali atagona, ndiye Tinyade anamuyalira chitenje pamthunzi wa mtengo, patali ndi utsi wa injini. Ndinamulowetsa Tinyade m'kati, ndinamukhazika m'kangolo komwe kanaumira pa khona loyamba, ndinamasula kansanza kaja n'kumuonetsa poponda. Ndinakwera n'kubwezera babu pamwamba pa mayi wa mtsuko. Ndinamuuza kuti babu ikayaka awerenge mpaka khumi, aponde. Kenaka ndinapempha chinthu chimodzi, kuti ajambule ndi foni yake, nanenso ndidzamveko. Anavomera ndi mutu, foni ili m'manja.

Injini inadzuka ndi chingwe chachitatu. Ndinagwira waya, ndinaipeza nyimbo yake, ndinaisunga pomwepo. Dziko lonse linali phokoso ndi utsi. Maso anga anali pa babu yoyesera. Ndinaiona ikuphethira, n'kuchepa mphamvu pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti mota yagwira, Enelesi akuyankhula kuseri kwa malata, mikono isanu kuchokera pomwe ndinali.  Misozi inkalowa m'kamwa, ndinaisiya. Patapita kanthawi babu inawalanso mokwanira. Ndinadikira pang'ono, n'kuzimitsa injini.

Tinyade anachedwa kutuluka. Atatuluka anakhala pa njanji pakhomo la shedi, foni ili pamwendo. Ndinaiyang'ana, iye n'kuona kuti ndaiyang'ana.

"Ndinati ndidina," anatero, "koma atangoti 'takulandirani' zala zinauma."

Ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo. Sindinamudzudzule, ndikanayambira pati? Ndinangofunsa ngati mawu anamveka bwino. Anati anamveka ngati munthu ali pambali pake. Ndinafunsa ngati ananena zonse, za manja m'kati, za zoseweretsa. Anati ananena, ndipo atamaliza anaseka.

"Kenaka anapitiriza," anatero Tinyade.

Kamchira kaja. 

"Anati, 'Bambo a Tinyade, tazisiyani zidolezo, mwana wadzuka. Pitani mukamunyamule.' Ndipo chakumbuyo kumamveka mwana akulira." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Inunso mulimo, bambo. Munayankha."

"Ndinati chiyani?"

"Munati, 'Ndikubwera, ndimalize kaye.'"

 Ndinayesa kukumbukira masana amenewo, lole, mphasa, Enelesi atagwira pakamwa kubisa kuseka, koma ngati ndinapita kukamunyamula mwanayo kapena ayi, sindinathe kukumbukira. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

Pamthunzi paja khanda linayamba kulira. Ndinadzambatuka, mawondo akulira, manja ali bii ndi girisi, ndikuwapukutira pa buluku uku ndikuthamanga. Koma Tinyade anali atandipitirira kale.

"Musiyeni," anatero, osakweza mawu. "Sakudziwani."

Anamubereka, anamanga chitenje pachifuwa, n'kulowa m'tsekera kulunjika kumsewu. Ndinayang'ana kushedi. Thumba la masipanala linali pakhomo pomwe ndinalisiya, ndipo m'kati mayi wa mtsuko anali atatembenuza mutu kuyang'ana kunja, tepi yake itayera mbee. Sindinabwerere kukatenga kanthu. Ndinamutsatira mwana wanga, masitepe khumi pambuyo pake. Sanacheuke, komanso sanandiuze kuti ndibwerere, ndipo mpaka lero ndikuyendabe pambuyo pakepo.